Duku m'Beseni la Ngalande

Njere ya chimanga ija inali itanyowa kale ndi thukuta m'dzanja la Eness. Anailandira pachipata cha sukulu, pomwe amayi a komiti ankagawa imodziimodzi kwa aliyense wolowa, ndipo chilandirireni anali asanatambasule zala. Kumbuyo kwake Tiyanjane anali m'tulo, kamutu katapendekera paphewa, kampweya kake kofunda kakuomba m'khosi mwa mayi ake.

Loweruka limenelo anthu a ku Ching'ambo, mu Mzuzu, anadzaza bwalo la sukulu. Abambo anakhala pa madesiki otulutsidwa m'makalasi, amayi pansi, pa udzu wouma wa mu Okutobala. Patsinde pa bulugamu panali tebulo la akuluakulu, ndipo patsogolo pa tebulolo, poonekera aliyense, panali benchi yokhala ndi mabeseni awiri. Lina linali la pulasitiki, lobiriwira. Linalo linali lachitsulo, lopindikapindika m'mbali.

Nkhani inali imodzi basi. Ndalama za chitukuko zimene wodi yawo inalandira chaka chimenecho zikanangokwanira ntchito imodzi: kusalaza ndi kuthira miyala msewu wa kumtunda, wodutsa pa magolosale ndi nyumba za mipanda, kapena kukumba ngalande kumunsi, kumene nyumba za lendi zinandandalika mizeremizere mpaka kudambo. Wofuna msewu aponye njere yake m'beseni la pulasitiki. Wofuna ngalande aponye m'lachitsulo. Kale misonkhano yotere inali ya eni mapuloti okhaokha, koma ulendo uno a lendi nawonso anaitanidwa.

Eness sankayang'ana mabeseniwo. Maso ake anali pa NyaChirambo.

NyaChirambo ndi amene anali mwini wa nyumba imene Eness ankachita lendi, ndipo analinso wachiwiri kwa wapampando wa komiti ya wodi. Nchifukwa chake anakhala patebulo, pampando weniweni, chikwama chili pamiyendo, mabeseni ali pafupi moti akanatha kuwakhudza ndi phazi. M'mawa wa tsikulo anali atayenda khomo ndi khomo pamzere wake wonse.

"Mwawuka uli, anyina Tiya?"

"Tawuka makora, mama, kwali imwe?" Eness anayankha ndi Chitumbuka chake chochepacho, atanjuta pakhomo.

"Lero mupite kumsonkhano nonse. Akuti a lendi nanunso muli ndi mawu. Pitani ndithu, ine sindiletsa munthu." Anapukuta m'manja ndi nsonga ya chitenje. "Koma ngalandeyo ikati idutse, idutsa pa khola langa la nkhumba. Nkhumba zimenezo ndi zimene zikuphunzitsa ana amasiye ali m'nyumba mwangamo. Ndiye amene akuona kuti nkhumba zanga zilibe ntchito, Ching'ambo ndi yaikulu, nyumba zilipo zambiri. Yewo."

Sanakweze mawu nkomwe. Anangopita khomo lotsatira nkukagogoda.

Whyte, mwamuna wa Eness, anamva zonsezo ali m'kati, akumanga zingwe za nsapato. Anali mesenjala ku ofesi ina ya boma, ndipo bwana wake anamuitana ngakhale linali Loweruka.

"Mayi a Tiya, ife kuno ndife obwera," anatero motsitsa mawu. "Kwathu ku Ntchisi ukanatha kulimbana ndi munthu. Kuno ukaponye kumsewu, ubwere, tidye. Nyumba yotchipa chonchi tiipeza kuti? Ku Chibavi ndinafunsako, ukudziwa zimene anandiuza."

"Nanga mvula ikabwera?"

"Tidzaika matumba a mchenga pakhomo."

"Dzinja lathali matumbawo analipo."

Whyte anagwira kaphazi ka mwana, nkutuluka.

Matumbawo analipodi tsiku lija la mu Epulo. Mvula inagwa chigwere masiku angapo, ya ku Mzuzu yosadziwa kupuma ija, ndipo masana amenewo Eness anagoneka Tiyanjane pamphasa nkuthamangira kugolosale kukagula sopo. Pobwera anapeza madzi ochokera kumtunda atatsika ndi njira yonse, atadzaza chimbudzi cha pamzere nkusefukira nacho. Chitseko chinavuta kutsegula. M'kati mwana anali atakhala tsonga pamphasa, madzi akuda ali m'chiuno, akumenya ndi timanja, kenako nkumatiika m'kamwa. Sanali kulira. Kulira kunayamba mawa lake, pamodzi ndi kutsegula m'mimba, ndipo kunathera kuchipatala, mwana ali ndi botolo la madzi pakadzanja, maso atalowa m'kati ngati a nkhalamba. Kuyambira pamenepo mitambo ikangoda kumbali ya mapiri a Kaning'ina, Eness sankamusiyanso mwana pansi. Tsopano mvula inali pafupi kubweranso.

"Monire mose!"

Anali a Blackson Nyirongo, wapampando wa komiti, ataimirira ndi jekete ngakhale kunkatentha. Anayamba m'Chitumbuka, nkubwereza m'Chichewa kuti obwera amve.

"Njira iyi ya chimanga ndaiganiza ndine," anatero monyadira. "Kulibe zolembalemba, ndiye wosadziwa kulemba asadandaule. Kulibenso zobisabisa. Aliyense aone mnzake. Transparency, abale! Mawa wina asadzanene kuti a Nyirongo anabera."

Anthu anawomba m'manja. Kenako anaimirira mtsikana wa ku khonsolo, dzina lake Tina, wovala jekete yonyezimira ija ya ogwira ntchito mumsewu. Iye anathokoza amayi, achinyamata, a lendi ndi anthu olumala chifukwa chobwera, nkunena kuti njere ya aliyense ndi yofanana ndi ya mnzake. Ankaoneka kuti akunena zochokera pansi pa mtima. Eness anamuonera nsanje pang'ono. Msinkhu wawo unali umodzi, ndipo mwina anakhalapo m'kalasi zofanana, koma uyo ankayankhula pagulu osanjenjemera.

Woyamba kuponya anali a Joel, osoka nsapato pamsika, amene anakankhidwa pa njinga yawo ya olumala mpaka pabenchi. Iwo kanyumba kanali kawokawo, kumunsi kwenikweni, ndipo sankaopa munthu.

"Ine madzi akabwera sindithawa ngati inu," anatero, nkuponya.

Ngwe!

Njereyo inalira m'beseni lachitsulo moti anaimva ndi amene anali kumpanda. Ena anaseka. Eness sanaseke. Apa ndi pomwe anazindikira kuti ngakhale munthu utatembenuka nkupereka msana kutebulo, beseni limenelo likuulula ndithu.

Anatsatira abambo. Eni mapuloti a kumtunda ankayenda mwachifatse, nkuponya m'lapulasitiki, lomwe linkangolandira mwakachetechete. Eni tinyumba ta kumunsi ankaliza lachitsulo. Kenako inafika nthawi ya a lendi, ndipo apa Eness anayamba kuwerenga nkhope. Anaona eni nyumba ena atasuntha pamadesiki, atatukula makosi. Anaona Chris wa kabaza, wa khomo loyamba pamzere wawo, amene dzulo lomwelo ankalumbira pampopi kuti iye saopa nkhumba za munthu. Chris anafika pabenchi, dzanja lake nkuima pakati pa mabeseni awiriwo. NyaChirambo anangotsokomola pang'ono. Dzanja lija linakhotera kumsewu, ndipo Chris anabwerera kumalo kwake akuyang'ana pansi.

"Taonani ngwazi yathu," ananong'ona Amna, nkumugunda Eness ndi chigongono. "Dzulo mkango, lero mwanapiye."

Amna ankakhala khomo loyandikana ndi la Eness. Iye ndi mwamuna wake Muhsin anachokera ku Namwera, ndipo anali ndi kaokala ka zovala za kaunjika. Pakamwa pake sipankatsekeka.

"Nanga inu, achemwali, mukunjenjemera chiyani ngati mwaba nkhuku?"

"Sindikunjenjemera."

"Mwanayo akugwedezeka kumbuyoko, ndiye ndi chivomerezi?"

"Iwe ukaponya kuti?" Eness anafunsa, milomo yokha ikuyenda.

Amna anasiya nthabwala. "Katundu wathu yense ali m'nyumba muja," anatero. "Mabelo awiri. Atatithamangitsa tingawasenzere kuti?"

Ndiye nayenso Amna. Eness anayang'ana mabeseni aja. La msewu linali litayera pansi ponse. La ngalande chitsulo chinkaonekabe.

"Amayi tsopano! Mzere, mzere!"

Eness anaimirira. Miyendo inali itachita dzanzi. M'mawa uja sanadye kanthu, tiyi anamusiya pambaula, ndipo dzuwa linali litafika pamutu. Mzere unkayenda pang'onopang'ono. Patsogolo pake amayi a lendi ankafika, nkuyang'ana kutebulo, nkuponya kumsewu. Mmodzi anachita kugwada kaye moyang'ana landilodi wake, ngati akupereka chopereka kutchalitchi. Eness ankadziuza kuti aponya kumsewu, abwere, adye. Kenako Tiyanjane ankasuntha kumbuyo, ndipo iye ankaonanso timanja tija tikumenya madzi akuda.

Munthu wa patsogolo pake anachoka. Benchi ija inali apa. NyaChirambo anali apo, akumwetulira ndi pakamwa pokha.

"Tiyeni, anyina Tiya. Anzanu akudikira."

Eness anatukula dzanja. Zala zinakana kutseguka. M'makutu munayamba kulira ngati mawaya a magetsi, mabeseni awiri aja anasanduka anayi, ndipo bulugamu anapendekeka. Chimene anakwanitsa nkugwera kutsogolo, pa mawondo ndi zikhatho, kuti asagonere mwana.

"Mayo! Munthu wakomoka!" Anali mawu a Amna. "Abambo, yang'anani uko! Amayi, zitenje! Bweretsani zitenje!"

Amayi sachita kuuzidwa kawiri zimenezi. Mnzawo akagwa pagulu, ayenera kumasulidwa zovala kuti apume, ndipo maso a amuna sayenera kukhalapo. Posakhalitsa zitenje zinamasulidwa m'chiuno ndi m'mapewa, nkutambasulidwa, nsonga kugwirana ndi nsonga, mpaka panakhala kampanda kozungulira. Wina anamumasula mwana kumsana, Tiyanjane nkuyamba kulira. Wina anamumasula mabatani a bulauzi. Wina anamuwaza madzi kumaso.

Eness anatsegula maso. Pamwamba panali thambo loyera ndi masamba a bulugamu. M'mbali monse munali nsalu: maluwa, nsomba, nkhope ya Mariya, chizindikiro cha bungwe lina la katemera. Tebulo silinkaoneka. NyaChirambo sankaoneka. Mayi wa udindo sangadzuke pampando nkukagwira chitenje ngati mtsikana, ndiye anatsala kunja. Koma benchi ija, pakuti Eness anagwera pafupi nayo, inali m'kati. Mabeseni onse awiri anali m'kati, pafupi ndi mutu wake.

Njere ija inali idakali m'dzanja.

"Mwadzuka, achemwali? Titsitse?" Amna anafunsa.

"Musatsitse," Eness ananong'ona. "Chonde musatsitse kaye."

Amna anayang'ana nkhope yake, nkuyang'ana mabeseni, ndipo maso ake anakula. Anatembenukira kunja nkukuwa, "Sanadzuke! Inu abambo a chipewa, ndakuonani, mukusuzumira chiyani? Kunyumba kwanu kulibe?"

Kunja kunamveka kuseka. Chitenje chimodzi chinatukuka pang'ono, ndipo Tina wa ku khonsolo analowa chowerama, botolo la madzi lili m'manja. Anagwada pafumbi.

"Mayi, mukumva bwanji? Tiitane galimoto?"

Eness anapukusa mutu. Chiyambireni sanayankhulepo ndi munthu wa ku khonsolo, ndipo mawu atatuluka anatuluka osalongosoka.

"Anthu akuopa, madamu. A lendi. Eni nyumba akuona. Tauzidwa m'mawa kuti amene aponye kungalande asamuke." Analoza kunja kwa zitenje. "Si ife tokha. Taonani amene akuponya kumsewu, ena madzi anawalowera m'nyumba limodzi ndi ine. Ndipo ili limalira."

Analoza beseni lachitsulo. Tina analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana amayi ogwira zitenje aja. Onse anali atatembenuzira nkhope m'kati, chete.

"Nzoona zimenezi?"

Mayi wina wachikulire anangogwedeza mutu kamodzi, nkuyang'ana kumbali.

"Nanga bwanji simunanene poyamba paja, nditafunsa ngati pali funso?"

"Tinene pamaso pa ndani?" anatero Amna.

Tina anapumira m'mwamba. Anagogoda beseni lija ndi chala, ndipo linalira. Eness sanaganize kawiri. Anavula duku lake, lofiira la maluwa achikasu, nkulipinda pawiri, nkuliyala pansi pa beseni pamwamba pa njere zinali momwemo. Kenako anatambasula zala. Njere ija inali itamatirira pachikhatho, moti anachita kuichotsa ndi chala china. Inagwera pansalu osamveka.

Tina anaimirira nkutuluka m'kampanda muja. Eness anangomva mawu ake.

"A wapampando, mayi uja ali bwino. Koma ndikupempha kuti tiyambirenso. Zitenjezi zikhale momwemu. Aliyense azilowa yekha, aponye, atuluke."

Panabuka phokoso.

"Yayi, yayi, yayi!" Anali a Nyirongo. "Madamu, tagwirizana kale. Kubisa ndiye kumabweretsa kuba. Munthu akalowa yekha m'menemo nkutapa chimanga cha kuno kuthira uko, mudziwa bwanji?"

"Ine ndikhala pakhomo, ndiziona manja. Nkhope za anthu anu sindizidziwa, ndipo palibe amene amachita lendi kwa ine."

"Ndiye mukuti ife tikuopseza anthu?" Awa anali NyaChirambo. "Atchuleni amene wanena zimenezo. Aime apa anene."

"Palibe amene wanena kanthu, mama. Ndaona ndekha."

"Ngati simuopseza anthu, chitenje chikuwawani pati?" anakuwa a Joel ali panjinga yawo. "Tiyeni tiyambirenso, ine ndiponya kawiri, zandikomera!"

Anthu anaseka, ndipo kumbali ya achinyamata kunayamba kuwomba m'manja. A Nyirongo anayankhulabe kwa kanthawi, m'Chitumbuka, m'Chichewa, mpaka m'Chingerezi, koma bwalo linali litawathawa. Pamapeto pake anakweza manja. "Chabwino! Koma mulembe kuti chimangacho nzeru inali yanga."

Chimanga chinakhuthulidwa nkugawidwanso. Eness anatuluka m'kampanda atatsamira Amna, nkukakhala pamthunzi, mwana ali pabere. Amayi ogwira zitenje anatembenukira kunja, ndipo manja akatopa ankasinthana. Anthu ankalowa mmodzimmodzi. Panalibenso ngwe. Chris wa kabaza anatuluka akuimba kaluzu. Eness analowa nthawi yake itakwana, ndipo ulendo uno zala zinatseguka zokha.

Atakhalanso pansi ndi pomwe anamva mphepo pamutu.

Duku. Linali lidakali m'beseni. Tina anali ataliyalanso bwinobwino asanayambirenso, ndipo tsopano linali pansi pa chimanga cha anthu. Eness anafuna kudzifunditsa nsonga ya chitenje, koma chitenjecho chinali chitakulunga mwana. Anayang'ana amayi anzake. Ena anali ndi mawigi, ena malukidwe, ena maduku. Mwina sizidziwika.

Zitenje zinatsitsidwa. Tina anakhuthulira chimanga cha msewu patebulo, chinapanga kamulu. Kenako anagwira nsonga zinayi za duku lija nkulitukula ngati phukusi la ndiwo, lofiira, lolemera, pamaso pa bwalo lonse. Atakhuthula, panalibenso chifukwa chowerengera, ngakhale anawerenga ndithu. Mulu wa ngalande unali waukulu. Kumbali ya amayi kunaphulika nthungululu.

"Nanga duku ili ndi la ndani?" anafunsa Tina akulikung'untha. Atangofunsa anaoneka kuti wazindikira kulakwa kwake, koma mawu anali atatuluka kale.

"Ndikulidziwa ine," anatero NyaChirambo. "Limauma pa chingwe changa. Bweretsani kuno, ndikapereka ndekha."

Analipinda mosamala, kanayi, nkuliika m'chikwama. Sanayang'ane nkomwe kumene kunali Eness.

Zotsalazo Eness anazimva ngati zikuchokera kutali. Tina ananena kuti sabata yamawa kubwera anthu oyeza malo, ndipo pafunika anthu ochepa oti adzayende nawo nkuwaonetsa mmene madzi amayendera. Mwa anthuwo pakhale mayi mmodzi wa lendi. Amna anagwira mkono wa Eness nkuukweza m'mwamba.

"Uyu!"

"Iwe, ndisiye!"

"Zadziwika kale, achemwali. Mubisalanso chiyani?"

Amayi anavomera mwaphokoso. Tina anamuyang'ana modikira, ndipo Eness anagwedeza mutu movomera.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Whyte anali asanabwere. Eness anagoneka mwana, nkuyamba kusesa m'nyumba mosesa kale. Anayang'ana bedi, kabati ya mbale, mzere wakuda umene madzi a mu Epulo anasiya kukhoma. Anayesa kuganiza kuti zonsezi zingakwane pa ngolo imodzi kapena ziwiri, ndi mmene akamuuzire mwamuna wake. Kuseri nkhumba zinkalira, nthawi yawo ya madeya itakwana.

"Odi, anyina Tiya."

Tsache linamugwa m'manja. Anatuluka nkunjuta pakhonde. NyaChirambo anali atavula zakumsonkhano, ali ndi chitenje chakale ndi ndowa ya madeya. Anaika ndowayo pansi, nkutulutsa duku lija m'thumba la juzi. Eness analilandira ndi manja awiri.

"Yewo, mama."

"Kukomoka kwanu kuja," anatero NyaChirambo, "kunali kwenikweni?"

"Kugwa kunali kwenikweni, mama. Kuchedwa kudzuka ndinachita dala."

NyaChirambo anafwenthera. Anakhala pa njerwa ya pakhonde, chinthu chimene anali asanachitepo, nkutambasula miyendo. Makomo ena pamzere anali otseka, koma Eness ankadziwa kuti kuseri kwa chitseko chilichonse kuli khutu.

"Ndinanena m'mawa kuti amene aponye kungalande asamuke. Tsopano ndayenda mzere wonse, aliyense akulumbira kuti anaponya kumsewu. Mpaka Chris akuti ndimufunse Chiuta. Ndiye chimanga chonse chija anaponya ndi mizimu." Anapukusa mutu. "Inu nokha ndi amene ndili ndi umboni."

"Ine ndinaponya kungalande, mama."

"Ndikudziwa, mwana wane. Sindinafunse." Anasuntha ndowa ija ndi phazi. "Akuti muyenda ndi oyeza malo."

"Eya."

"Mukawauze adutse kuseri kwa chimbudzi. Khola alisiye. Mukatero, za m'mawa zija tiziiwale."

Ndi pamenepa. Nyumba inali apa, ikuperekedwa m'manja. Eness anamva mawu a Whyte m'mutu: ukavomere, ubwere, tidye. Anayang'ana kukhola, kumene njira ya madzi inali yoonekeratu ngakhale m'chilimwe, kamseu kokumbika kotsika pakati pa khola ndi ngodya ya nyumba yake.

"Mama, madzi sadutsa kuseri kwa chimbudzi. Amadutsa pakhola, nkugunda khoma ili, nkubwerera pakhomo panga. Inu munaona. Ndinu amene munanditengera mwana kumsewu tsiku lija, ine miyendo itafooka." Analoza khoma lija. "Ndikawanamiza, akumba polakwika, ndalama zitha, madzi alowanso. Ine ndikawaonetsa pamene madzi amadutsa. Mukafuna ndisamuke, ndisamuka, koma ndikawaonetsa pomwepo."

NyaChirambo anayang'ana ndowa yake. Nkhumba zija zinali zitafika polira ngati zikuphedwa.

"Nanga nkhumba zanga zigone kuti? Pabedi panu?"

"Kumtunda kwa nthochiko malo alipo. Njerwa ndi zomwezi, matabwa ndi omwewa. Bambo a Tiya angathandize kusamutsa Loweruka, ndi Chris, ndi a Muhsin."

"A Muhsin?" NyaChirambo anatukula mutu. "Msilamu agwire khola la nkhumba?"

"Astaghfirullah!" mawu a Amna anamveka kuseri kwa chitseko chotseka. "Amuna anga akakumba maenje a mitengo kumalo atsopanoko, nkhumba zisanafikeko. Zinazo muwasiye!"

NyaChirambo anayesa kudziletsa, koma phewa linagwedezeka, ndipo kuseka kunatuluka m'mphuno. Anapukuta m'maso ndi chikhatho, nkudzuka mogwira bondo.

"Mzere wa afiti uwu," anatero. Ananyamula ndowa yake. "Mukhale mpaka mvula ithe, anyina Tiya. Tione ngati ngalande yanuyo igwire ntchito. Ikakanika, inu ndi duku lanulo mudzaona msewu umene munaukana. Ndipo amuna anuwo Loweruka asandiuze za bwana wawo."

Anapita kukhola akukalipira nkhumba m'Chitumbuka.

Eness anakhalabe chinjutire mpaka NyaChirambo anazimiririka kuseri. Atatambasula duku kuti avale, njere imodzi inagwa kuchokera m'mapindo nkugudubuzika pasimenti. M'nyumba Tiyanjane anadzuka nkuyamba kuitana. Kumbali ya Kaning'ina mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo Eness anaiyang'ana, nkumanga duku lake, nkulowa kukatenga mwana.